Atuluka m'cipatala lero, abwerera mawa: mlandu ngwa yani?

MALUME anga anagonekedwa m'cipatala katatu pa miyezi inai yokha. Nthenda inali imodzimodzi: mtima unafooka, miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana kulowa, ndipo usiku anali kugona cokhala cifukwa akati agone cagada anali kubanika. Ulendo uliwonse anamwino anali kuwalasa nyeleti yocotsa madzi m'thupi, pakapita masiku asanu miyendo n'kuphwa, iwo n'kuyamba kuseka ndi anzao a m'wodi. Akatuluka, mudzi wonse unali kubwera kudzawaona ndi kuyamika kuti acira. Mwezi usanathe tinali kufunanso ngolo yowatengera ku mseu.

Ulendo wacitatu namwino wina anawalandira ndi mau akuti, "Atate, mwabweranso? Inu simukumwa mankhwala." Malume anangoti cete. Koma titatuluka panja akazi ao anandifotokozera mbali yao. Mapilisi okodzetsa amene anapatsidwa, aja ambiri awadziwa ndi dzina lakuti Lasix, anali a masabata awiri. Atatha anapita ku kiliniki ya kwathu, napeza kulibe. Palibe amene anawauza kuti mankhwala a mtima sasiyidwa dokotala asananene. Iwo anayesa ali monga a malungo, amene umamwa masiku atatu n'kutha. Za kucepetsa mcere dokotala anachula m'Cizungu ali ciimire, akupita pa bedi ina. Motero mai aja analeka kuthira mcere m'ndiwo, koma anapitiriza kuphika kapenta wouma ndi therere la soda, osadziwa kuti soda nayenso asunga madzi m'thupi monga mcere.

Namwino uja sananame, pakuti malume analekadi mankhwala. Akazi ao naonso sananame. Nkhani ya wodwala amene atuluka m'cipatala n'kubwereranso pasanapite nthawi iri tero pafupi-fupi kuli konse: a cipatala aloza cala ku mudzi, a ku mudzi aloza cala ku cipatala, ndipo masabata oyamba munthu atatuluka, amene ndiwo oopsa kweni-kweni, akhala opanda mwini.

Mukaceza ndi anamwino, ma clinical officer ndi madokotala, madandaulo ao ndi odziwika ndipo ali ndi mutu. Akamba kuti wodwala akangomva bwino aponya mapilisi pa denga. Wa cifuwa ca TB, amene afunika kumwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, aleka pa mwezi waciwiri cifukwa cifuwa casiya. Wina acoka m'cipatala n'kudzera kwa ng'anga, kapena kwa mneneri amene amuuza kuti kumwa ma ARV ndiko kucepa cikhulupiriro. Tsiku lobwerera kukaonedwa, limene ticha kuti riviyu, lipita osaoneka, ndipo adzatulukira atatheratu. Palinso cina cimene a cipatala sakamba mokweza: mabedi acepa. Dokotala akaona munthu wagona pansi ali pa diripi, ayang'ana m'wodi kuti ndani amene angathe kuyenda, namtulutsa lero m'malo mwa mkuja. Si nkhanza iai, afuna kupulumutsa uja wa pansi.

Odwala ndi odwazika naonso ali ndi yao. Akamba kuti anatulutsidwa akali kumva cizungulire. Malangizo anaperekedwa pa kanthawi kocepa, pakati pa phokoso la m'wodi, ndipo kapepala kamene anapatsidwa sangathe kukawerenga ngakhale mphunzitsi wa pa sukulu. Mankhwala ena anauzidwa kuti akagule okha ku tauni. Pa kapaketi panalembedwa kuti imwani mutadya, koma mwezi ndi wa February, nkhokwe iri pululu. Riviyu anaiika ku cipatala ca ku boma, ulendo wa tsiku lathunthu pa njinga, munthu amene sangathe ngakhale kufika ku cimbudzi yekha. Ndipo ambiri, maka-maka azimai acikulire, akamba poyera kuti aopa kubwerera msanga cifukwa adzakalipiridwa pamaso pa anthu.

Kusamvana kumeneku si kwa kuno kokha. M'caka ca 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza m'zipatala 15 za m'maiko anai a ku Ulaya, kumene anafufuza odwala 1,398 amene anabwerera m'cipatala mwadzidzidzi. Pa wodwala aliyense anafunsa mwini wake, womsamalira, namwino ndi dokotala, aliyense payekha, ngati kubwererako kukanatha kupewedwa. Mayankho ao sanagwirizane kawiri-kawiri, ngakhale onsewo anali kukamba za munthu mmodzi. Koma cinthu cimodzi cinaonekera bwino: pamene wodwala ananena kuti tsiku lotuluka sanadzimve kuti ali wokonzeka, ndi pamene kawiri-kawiri panapezeka kuti kubwererako kukanapewedwa. Kunena kwina, wodwala anali kudziwa cimene dokotala sanadziwe, ndipo funso lotsika mtengo lakuti "kodi mwakonzeka kupita kunyumba?" likanaulula.

Ine ndiona kuti funso limeneli ndi labwino, koma kuno kwathu silingagwire nchito likafunsidwa mwa njira ya ku Ulaya. Munthu wa ku mudzi satsutsa dokotala. Mukamfunsa kuti muli bwanji, ayankha kuti ndiriko bwino ngakhale mutu uli kuzungulira, cifukwa ndiwo ulemu umene tinaphunzitsidwa. Ndiponso ali ndi zifukwa zake zofunira kutuluka. Mvula yagwa, anzake abzala, iye ali gone. Mkazi amene amdwazika wasiya ana ndi mbuzi kwa anansi, ufa umene anabwera nao watha, ndipo agona pa simenti kunja kwa wodi sabata yaciwiri. Pa nyengo yopalira kapena yothira fataleza, wodwala mwini wake ndiye apempha kuti mundimasule. Tsono dokotala akamva "ndacira" alemba kuti wodwala wabvomera, osadziwa kuti amene wayankha ndi munda. Funso loyenera kuno liyenera kupita kwa wodwazika, pambali, m'cinenero cake, ndipo likhale la zinthu zogwirika: kunyumba kuli cakudya? Adzamtungira madzi ndani? Mapilisi akatha mudzawapeza kuti? Akadwalika usiku mudzabwera pa ciani?

Dziko limene lacita khama kwambiri pa nkhani yowerenga odwala obwerera ndi America, ndipo zimene zinacitika kumeneko zitiphunzitsa kanthu. Mu 2009 kunatuluka kafukufuku woonetsa kuti pa odwala a inshuwalansi ya boma ya okalamba, yochedwa Medicare, pafupi-fupi mmodzi mwa asanu alionse anali kubwerera m'cipatala pasanathe masiku 30. Theka la amene anabwerera atagonekedwa ndi matenda osafuna opaleshoni sanaonane ndi dokotala aliyense pakati pa kutuluka ndi kubwerera. Kuyambira mu October 2012 boma la dzikolo linayamba kulanga zipatala zimene odwala ake abwerera mocuruka, pozidula ndalama, ndipo cilango cinakwera kufika pa 3 peresenti. Ciwerengero ca obwerera cinatsikadi. Koma cilango cinagwera kwambiri zipatala zothandiza anthu osauka, mpaka lamulo linakonzedwanso kuti cipatala ciziyerekezedwa ndi cinzake ca odwala ofanana naco. Ndipo mu 2018 akatswiri ena anaonetsa kuti imfa za odwala mtima ndi cibayo atatuluka m'cipatala zinakwerako m'zaka zomwezo. Akatswiri atsutsana ngati lamulolo ndilo linacititsa. Kafukufuku wina wa mu 2016, wa odwala 1,000 obwerera m'zipatala 12 za komweko, anapeza kuti 27 okha pa 100 alionse ndiwo akanapewedwa. Otsalawo anabwerera cifukwa nthenda inafuna cipatala.

Apa ndi pamene nkhani yathu isiyana ndi yao. Ku America bvuto ndi wodwala amene abwerera. Kuno bvuto lalikulu ndi wodwala amene sabwerera. Mu 2022 kunafalitsidwa zotsatira za kafukufuku wochedwa CHAIN, amene anatsatira ana 3,101 a miyezi iwiri kufika 23 ogonekedwa m'zipatala za ku Malawi, Kenya, Uganda, Burkina Faso, Bangladesh ndi Pakistan. Ana 350 anamwalira. Mwa amenewa, 48 pa 100 alionse anamwalira atatulutsidwa kale, mkati mwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo oposa theka la iwowa anafera panyumba. M'mabuku a cipatala ana amenewa analembedwa kuti anatuluka ali moyo. Ofufuzawo anapezanso kuti cimene cinali kuika mwana pa ngozi atatuluka sikunali kuwonda kwake kokha, komanso mmene mai wake analili: wobvutika maganizo, kapena wopanda njira yakeyake yopezera ndalama. Zambia sinali m'kafukufuku ameneyu, koma Blantyre si kutali ndi Chipata, ndipo nsima, malungo ndi miseu yathu ndi zofanana.

Motero cipatala ca ku mudzi cikanyadira kuti odwala ake sabwerera, tiyenera kufunsa kuti ali kuti. Cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. Pa 1 April 2006 boma la malemu Levy Mwanawasa linacotsa malipiro m'zipatala za boma za kumidzi, ndipo linacita bwino. Koma mseu sunacotse malipiro ake. Banja limene linagulitsa mbuzi kapena thumba la nshawa kuti lifikitse wodwala ulendo woyamba liribe cogulitsa ulendo waciwiri. Mwana akayambanso kutentha thupi patapita masabata atatu, abambo akamba kuti tidikire tione mawa, si paja anacokera ku cipatala komweko? Ena aganiza kuti popeza cipatala calephera, ndiye kuti nthendayi ndi ya anthu. Mawa likafika, nthawi yatha.

Cosangalatsa ncakuti pali zinthu zimene zayesedwa ndipo zagwira nchito. Citsanzo cabwino ndi ca ana ocepa magazi kwambiri, aja amene aikidwa magazi cifukwa ca malungo. Mwana wotere atuluka akuoneka bwino, koma thupi lake lifuna miyezi kuti lipange magazi okwanira, ndipo udzudzu ukamluma pa nthawi imeneyi abwerera pomwe anali. Dokotala wa ku Malawi, Kamija Phiri, ndi anzake anayesa kupatsa ana otere mankhwala a malungo mwezi ndi mwezi atatuluka, ngakhale asanadwale, nafalitsa zotsatira mu 2012. Kafukufuku wamkulu wa ku Kenya ndi Uganda wa ana 1,049, wofalitsidwa mu 2020, anapereka mankhwala pa sabata yaciwiri, yacisanu ndi cimodzi ndi yakhumi mwana atatuluka. Pa miyezi imene mankhwala anali kugwira nchito m'thupi, imfa ndi kubwerera m'cipatala zinatsika ndi 70 peresenti. Mu 2022 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linabvomereza njira imeneyi ku madera a malungo ambiri. Taonani kuti mankhwala amenewa amwedwa panyumba, kutali ndi namwino. Wowapereka ndi mai yemwe uja amene kawiri-kawiri anenedwa kuti samva malangizo.

Ndipo ife a ku Zambia sitifunika kukaphunzira kunja kuti wodwala atsatiridwa bwanji ku mudzi, pakuti tinaphunzitsako ena. Mu 1987, matenda a AIDS atadzaza mawodi, cipatala ca Chikankata ca mpingo wa Salvation Army, ca kufupi ndi Mazabuka, cinayamba kutumiza anchito ake ku midzi kukaona odwala amene anatulutsidwa. Madayosizi ndi mipingo ina inatengera, ndipo acikulire akumbukira azimai odzipereka amene anali kuyenda khomo ndi khomo ndi beseni, sopo ndi phala, akusambitsa odwala ndi kuona ngati amwa mankhwala. Ma ARV atayamba kuperekedwa kwaulere, odwala ambiri anadzuka, opereka ndalama anatembenukira kwina, ndipo magulu ambiri a cisamaliro ca pakhomo anazilala. Tinaiwala kuti nchito imeneyo sinali ya AIDS yokha. Lero wodwala shuga, wa BP, wakufa ziwalo, wa mtima monga malume anga, ndi mai amene wacitidwa opaleshoni pobereka, onse afuna munthu wowayendera monga momwe anafunira odwala a zaka zija.

Boma liri ndi anthu amene angagwire nchito imeneyi. Gulu loyamba la ma Community Health Assistant linatsiriza maphunziro ku Ndola mu 2012, ndipo anaphunzitsidwa kuti azikhala nthawi yambiri m'midzi. Koma pa kiliniki pakasowa namwino, iwo ndiwo atsala kuona mzere wa odwala, ndipo njinga ikhala yotsamira ku cipupa. Mu 2022 boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000, cinthu cimene cinapepusa mabvuto m'malo ambiri. Koma mu January 2025 America inaimitsa mbali yaikulu ya thandizo lake la kunja, ndipo ambiri mwa amene anali kulondola odwala m'makomboni ndi m'midzi anali kulipidwa ndi ndalama zimenezo. Mu May caka comweco kazembe wa dzikolo, Michael Gonzales, analengeza kuti adula madola 50 miliyoni a pa caka a thandizo la mankhwala, nati cifukwa cake ndi kuba mankhwala a boma. Tsono wodwala akati ku kiliniki kunalibe mapilisi, tisafulumire kumucha wabodza.

Zimene a cipatala angacite popanda kuyembekezera ndalama za kunja si zambiri, koma nzolemera. Tsiku lotulutsa wodwala liyesedwe mbali ya cithandizo, osati nthawi yomasula bedi cabe. Namwino akhale pansi ndi wodwazika, ndipo atafotokoza asafunse kuti mwamva, pakuti yankho lidzakhala inde nthawi zonse. Anene kuti, "Amai, tandiuzani mmene mukawamwetsere mankhwala awa," ndipo amvetsere. Mankhwala operekedwa afike pa tsiku la riviyu, asathere panjira. Riviyu imene ingatheke pa kiliniki ya kufupi iikidwe kumeneko, ndipo kiliniki idziwitsidwe kuti m'mudzi wakuti mwabwerera munthu wodwala cakuti. Masiku ano pafupi-fupi mudzi uliwonse uli ndi foni. Kulemba nambala ya mwana wa wodwala ndi kumuimbira pa tsiku lacitatu kudya ndalama zocepa kuposa botolo limodzi la diripi. Ndipo wobwerera alandiridwe bwino. Namwino amene akalipira mai wobwera ndi mwana kaciwiri aphunzitsa mzere wonse umene uli kumvetsera kuti ulendo wina akhale panyumba.

Kwa ife a ku mudzi ndi a m'mipingo, ndiona kuti maulendo athu tawaika molakwika. Munthu akagonekedwa, a mphakati ndi a Cigwirizano apita ku cipatala ndi nsima ndi nyimbo, mpaka anamwino acita kutithamangitsa. Akamwalira tigona pa maliro masiku atatu, tisonkha ufa ndi nkhuni. Koma sabata imene watuluka tipita kamodzi kukati mwacira, basi. Sabata imeneyo ndiyo ifuna munthu wodziwa kuwerenga kuti aone kapepala ndi kuwerenga mapilisi otsala, ifuna anyamata okapalira munda wa wodwala kuti asanyamule khasu bala lisanapole, ndiponso ifuna kathumba ka ndalama ya ulendo kosungidwa ndi msungicuma wa gulu. Woyendera wodwala adziwenso zizindikiro zosafuna kudikira mawa. Kwa mwana: kukana kuyamwa kapena kumwa, kusanza ciliconse, kukomoka, kufooka kosadzuka, kupuma mofulumira, ndi zikhato zoyera. Kwa wamkulu: kubanika, miyendo kutupanso, kusokonezeka mutu, mutu wowawa kosaleka, ndi bala la opaleshoni lotuluka mafinya kapena lonunkha. Mai amene wabereka akayamba kutaya magazi ambiri kapena kutentha thupi, ngolo imangidwe usiku womwewo.

Malume atatuluka kacitatu, tinapatsa nchito mdzukulu wao wa giredi 8. Anali ndi kabuku kolembamo mapilisi, ndi kacingwe koyezera mwendo pamwamba pa kakolo m'mawa uliwonse. Mapilisi akatsala a masiku asanu, wina anali kukwera njinga kukafuna ena, ndipo akasowa ku kiliniki tinali kusonkha n'kukagula. Soda anacoka m'therere, ngakhale malume anadandaula mpaka tsiku lao lomaliza kuti ndiwo zasanduka za ku ndende. Anakhala zaka zina ziwiri, nalima nyengo ziwiri. Pa zaka zimenezo anagonekedwanso kamodzi. Kacingwe kanakana kukumana masiku awiri otsatana, tinawatenga akali kuyenda okha, ndipo anagona masiku atatu cabe. M'buku la cipatala ulendo umenewo unalembedwa kuti wodwala wabwereranso.